Mafunso ndi mayankho: ndale ndi moyo wa anthu mu filimu yoseketsa ya Intouchables

Filimu ya Intouchables inatuluka ku France pa 2 November 2011, ndipo m'dzikomo mokha anagulitsa matikiti oposa 19 miliyoni. Ambiri amene anaionera amakumbukira phwete lokhalokha. Koma ku France komweko filimuyi inautsa mapiri pachigwa: olemba nyuzipepala anakangana, andale analowererapo, anthu aulumali nawo anayankhulapo zawo. M'munsimu muli mafunso amene amabwerabwera anthu akamaikambirana. Ngati simunaionere, dziwani kuti tikutchula ndi mathero ake omwe.

Kodi filimuyi ikukamba za chiyani?

A Philippe ndi mpondamatiki wa mumzinda wa Paris. Anafa ziwalo kuyambira m'khosi mpaka kumapazi atachita ngozi pa masewera ouluka ndi parachuti m'mapiri. Sangadye okha, sangasambe okha, ngakhale kudzikanda sangathe, choncho akufuna munthu wogonera pakhomo woti aziwasamalira. Pa gulu la obwera kudzafunsira ntchitoyo pali Driss, mnyamata wobadwira ku Senegal, yemwe wangotuluka kumene kundende komwe anakhalako miyezi 6 pa mlandu wakuba. Iye ntchitoyo sakuifuna n'komwe. Wabwera kuti amusayinire pepala losonyeza kuti anayesa koma anamukana, kuti apitirize kulandira ndalama zimene boma limapereka kwa anthu osowa ntchito. A Philippe akopeka ndi mwano wake womwewo, n'kumupatsa mwezi umodzi woyeserera. Kuchokera pamenepo awiriwa asanduka mabwenzi a ponda apa nane mpondepo.

Anaikonza ndi Olivier Nakache ndi Éric Toledano. François Cluzet ndiye akusewera ngati a Philippe, Omar Sy ngati Driss.

Akuti ndi nkhani yoona. N'zoona?

Tsinde lake ndi loona. A Philippe Pozzo di Borgo anali mkulu wa kampani yopanga vinyo wa shampeni ya Pommery, ndipo anachita ngoziyo mu 1993. Akazi awo, mayi Béatrice, anamwalira ndi khansa mu 1996. Amene anawasamalira kwa zaka zambiri anali Abdel Sellou, ndipo mu 2001 a Pozzo di Borgo analemba buku lofotokoza moyo wawo. Pambuyo pake anasamukira ku Morocco, anakwatiranso, ndipo anamwalirira ku Marrakech mu June 2023.

Chimene chinasinthidwa ndi chachikulu: Abdel Sellou sanali wa ku Senegal. Anabadwira ku Algeria.

Nanga anamusinthiranji? Zili ndi kanthu?

Chifukwa chimene okonza filimu amapereka n'chomveka. Anali atagwirapo kale ntchito ndi Omar Sy m'mafilimu awo am'mbuyomo, ankadziwa luso lake, ndipo gawolo analemba akuganizira iyeyo. Omar Sy naye ndi mwana wa m'madera omwewo: anabadwira ku Trappes mu 1978, bambo ake a ku Senegal, mayi ake a ku Mauritania. Sanafunike womuphunzitsa kayendedwe kapena kayankhulidwe ka Driss.

Komabe ine ndimaona kuti kusinthaku kunapeputsa katundu amene filimuyi ikanasenza. Pakati pa France ndi Algeria pali bala lomwe silinapole. Afalansa analowa m'dzikomo mu 1830, ndipo anatulukamo mu 1962 itatha nkhondo yoopsa ya zaka pafupifupi 8. Mnyamata wachiarabu wachisilamu ndiye amene anthu ambiri ku France anazolowera kumuona pa nkhani za pa wailesi yakanema ngati munthu woopsa. Mu 2004 dzikolo linaletsa zizindikiro zoonekera za chipembedzo m'sukulu za boma, lamulo limene linakhudza kwambiri atsikana ovala hijabu, ndipo mu April 2011, miyezi yochepa filimuyi isanatuluke, lamulo loletsa nsalu yophimba nkhope pagulu linayamba kugwira ntchito. Pa nthawi ngati imeneyo, kuika mwana wa ku Algeria m'chipinda chogona cha bwana wachizungu kukanafunsa oonera funso lolemera. Driss wa mufilimu alibe chipembedzo chooneka, alibe mkwiyo ndi mbiri ya atsamunda, ndipo kumwetulira kwake kumasungunula aliyense. N'zosavuta kumukonda, ndipo mwina n'chifukwa chake anthu mamiliyoni anadzadza m'nyumba zoonetsera kanema.

Chimodzi anachisunga. Abdel anaperekedwa kwa achibale ake ku Paris ali wamng'ono, ndipo Driss nayenso amaulula kuti amene amawatcha mayi si omubereka: banja la abale awo linalibe mwana, linamutenga ku Senegal ali ndi zaka 8, n'kudzayamba kubereka pambuyo pake. Owerenga athu ambiri nkhani yotere sangaidabwe.

Mufilimumu mulibe wandale, mulibe chisankho. Ndale zake zili pati?

Zili mu nthabwala zenizenizo. Tengani tsiku la mafunso a ntchito. A Philippe afunsa Driss ngati amamudziwa Berlioz, katswiri wopeka nyimbo wa zaka za m'ma 1800. Driss ayankha kuti Berlioz amaidziwa bwino kuposa iwo, ndipo awafunsa kuti akudziwako ndani kumeneko, nyumba yake iti. Kwa iye Berlioz ndi dzina la malo a nyumba zosanjikizana za anthu osauka. Boma la France linkamanga nyumba zoterezi n'kumazipatsa mayina a akatswiri a nyimbo ndi ndakatulo, koma okhalamo sankafika kumene nyimbozo zimaimbidwa.

Pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa a Philippe, gulu la oimba likuimba nyimbo zakale za ku Ulaya. Itafika ya Vivaldi, Driss adumpha kuti iyi ndiye akuidziwa: ndi nyimbo imene imalira pa foni ukaimbira ofesi ya ndalama za osowa ntchito, akamakuuza kuti udikire. Anthu amaseka, koma taonani chimene chanenedwa. Nyimbo imodzi yomweyo, wina amaimvera atakhala pa mpando wa wofowofo m'nyumba mwake, wina amaimvera ali pa mzere wodikira thandizo.

Ndiye pali nkhani ya zojambula. A Philippe agula chinsalu choyera chothimbirira utoto wofiira pa mtengo wa mayuro 41,500, Driss ali kukamwa yasa, akuti wojambulayo anangotuluka kamfuno. Kenako naye ayamba kupakapaka utoto m'chipinda mwake, ndipo a Philippe agulitsa chojambulacho kwa munthu wa m'gulu lawo pa mayuro 11,000 pomunamiza kuti ndi cha mmisiri amene akutchuka kunja. Apa filimu ikunena mosabisa kuti mtengo wa chinthu umadalira pakamwa pa amene akuchiyamikira. Dzanja ndi la Driss, koma popanda dzina la a Philippe chinsalucho sichikanagulidwa ndi munthu.

Kumapeto Driss apita kukafunsira ntchito ina. Aona chithunzi cha mmisiri wojambula wotchuka Dalí pakhoma n'kuchitchula dzina, atchulanso za kalembedwe ka ndakatulo, ndipo mayi wofunsa mafunsoyo asintha nkhope nthawi yomweyo. Amulemba. Ntchito yake ndi yoyendetsa galimoto yoperekera katundu. Mbali imeneyi imandikhudza kuposa zina zonse, chifukwa mnyamatayu galimoto ankaidziwa kale kuyendetsa. Chimene chatsegula chitseko ndi chiyankhulo cha anthu olemera chimene watola m'nyumba muja, ndipo chitseko chake n'chaching'ono.

Kodi dera limene Driss amachokera ndi lotani?

Ku Paris olemera amakhala pakati pa mzinda, osauka kunja kwake. Madera akunjawa Afalansa amawatcha banlieue, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi nyumba zazitali zosanjikizana zomwe zinamangidwa mwachangu m'zaka za m'ma 1950 mpaka 1970. Munalowa antchito a m'mafakitale ndi omanga, ambiri ochokera ku Algeria, Morocco, Tunisia, Mali, Senegal ndi Portugal. Mafakitale atayamba kutsekedwa, ntchito zinatha koma anthu anatsala, ndipo ana awo, omwe ndi nzika za France, anakulira mu ulova. Chigawo cha Seine-Saint-Denis, kumpoto chakum'mawa kwa Paris, ndi chimodzi mwa zosaukitsitsa m'dzikomo.

Pa 27 October 2005 anyamata awiri, Zyed Benna ndi Bouna Traoré, anafa atagwidwa ndi magetsi ku Clichy-sous-Bois pomwe anabisala pothawa apolisi. Kunabuka zipolowe za masabata atatu m'matauni ambiri, magalimoto zikwizikwi anatenthedwa, mpaka boma linalengeza lamulo lapadera lokhwimitsa chitetezo. Aliyense amene anakaonera filimuyi mu 2011 zimenezi ankazikumbukira.

Filimu imationetsa pang'ono chabe za moyo umenewu, koma pang'onopo m'pabwino. Driss akusamba m'kabafa kopanikiza, ana ali piringupiringu, wina akutsuka mano, wina akutsegula mpopi, madzi n'kusiya kutuluka. Mayi omulera afika otopa, amufunsa kumene anali miyezi yonseyo, n'kumuthamangitsa pakhomo poopa kuti awonongera ana enawo. Usiku wina Driss awaona pawindo la nyumba ya maofesi akukolopa, iwo osadziwa kuti akuwaona. Pambuyo pake akawachingamira kusiteshoni ya sitima n'kuwalandira zikwama popanda mawu ambiri. Mayi amenewa ndiwo asenza banja lonse, ndipo pa mayi ngati iwowa m'pamene patsamira maofesi a Paris, koma filimu imawapatsa mphindi zowerengeka. Ndikanakonda kamera ikanakhalitsa pa iwo.

Bwanji za apolisi amene akuoneka kumayambiriro kwa filimu?

Driss akuthamangitsa galimoto ya Maserati usiku, apolisi amutsekereza, amutulutsa n'kumukanikiza pa boneti. A Philippe anamizira kukomoka, thovu kukamwa, ndipo apolisi omwewo asanduka operekeza mpaka kuchipatala. Kunena chilungamo, Driss analakwadi pothamangitsa galimoto. Koma oonera a ku France ankadziwa zimene zili kuseri kwa chithunzichi. Kafukufuku wa mu 2009, wochitidwa m'malo angapo a mu Paris ndi akatswiri a bungwe la boma la zofufuzafufuza la CNRS, anapeza kuti anthu akuda ankaimitsidwa ndi apolisi mowirikiza pafupifupi ka 6 kuposa azungu, ndipo Aarabu pafupifupi ka 8. Chimene chapulumutsa Driss usiku umenewu ndi mzungu wolemera amene wakhala pambali pake.

Ena amati ndi filimu yatsankho. Akunena zoona?

Mawu owawa kwambiri anachokera ku America. Jay Weissberg, wolemba m'magazini ya Variety, anati filimuyi ikubwezeretsa chithunzi chakale cha wantchito wakuda wosangalatsa bwana wake, chimene Amereka anachitaya kalekale. Ku France nako nyuzipepala ya Libération inaidzudzula kuti ndi nthano yotonthoza mtima imene ikukwirira kusiyana kwa olemera ndi osauka.

Umboni wawo ulipo. Driss ndiye thupi, a Philippe ndiwo mutu. Driss amavina, amanyamula, amabweretsa chamba, amafunsira mkazi aliyense. A Philippe amawerenga ndakatulo. Pa phwando lija Driss avina nyimbo ya Earth, Wind & Fire azungu atamuzungulira, ndipo atavala suti mlembi wa pakhomopo amuuza kuti akufanana ndi Obama, ngati kuti munthu wakuda aliyense wovala bwino ndi nkhope imodzi. M'bale wake wamng'ono, Adama, wagwa m'gulu la ogulitsa mankhwala ozunguza bongo. Zonsezi ndi zithunzi zomwe zinatha kale ntchito.

Afalansa ambiri, akuda omwe, anayankha kuti Amereka akuonera filimuyi ndi maso a mbiri yawo ya ukapolo wa m'minda ya thonje, pomwe nkhani pano ndi ya chuma ndi malo okhala. Yankho limeneli lili ndi mizu yake. Malamulo a France amati boma limaona nzika basi, osati mtundu, moti kalembera wa dzikolo safunsa za khungu la munthu. Ubwino wake ulipo, koma kuipa kwake n'kwakuti chimene sukuchiwerenga n'chosavuta kuchikana. Ndiponso France inali ndi akapolo ake ku Martinique, Guadeloupe ndi madera ena mpaka 1848, inalinso ndi maiko ambiri mu Africa muno. Singanene kuti zithunzi zoterezi ndi za eni ake a kutsidya la nyanja.

Ine maganizo anga ndi awa. Driss si wantchito wogonjera. Sagwada, sapepesa, amakana zimene sakufuna, amakalipira mwana wamkazi wa bwana wake pamene wachita mwano, amakoka ndi kolala munthu woimika galimoto pageti. Omar Sy anamupatsa ulemu umene mwina sunalembedwe n'komwe pa pepala. Vuto ndimaliona pa kapangidwe ka nkhani yonse: mavuto a Driss ndi a ntchito, sukulu, nyumba ndi apolisi, koma mankhwala amene filimu ikupereka ndi mtima wabwino wa munthu mmodzi wolemera. Anzake aja amene amacheza nawo panja usiku akudya tchipisi atsala pomwepo.

Kuseka za munthu wolumala si kulakwa kodi?

Apa m'pamene filimuyi ili ndi mphamvu zenizeni. A Pozzo di Borgo eni ake anauza okonza filimu kuti akufuna ikhale yoseketsa, osati yomvetsa chisoni. Mufilimumo mnzawo wina awachenjeza kuti anyamata a m'madera aja alibe chifundo, ndipo a Philippe ayankha kuti n'zimene akufunazo. Atopa ndi anthu owayankhula motsitsa mawu ngati ali pamaliro. Driss amawapatsira foni kuiwala kuti sangailandire. Amakana kuwakweza kumbuyo kwa galimoto ya olumala ngati katundu, n'kuvundukula Maserati imene inangokhala. Amawafunsa mosapsatira za akazi, ndipo ndi iye amene awakakamiza kuimbira foni Éléonore, mayi wa ku Dunkerque amene akhala akulemberana naye makalata osaonana. Mafilimu ochepa kwambiri amavomereza kuti munthu wolumala amakhumba chikondi ngati wina aliyense.

Ntchito yosamalira nayo sanaibise. Tikuona masokosi othina othandiza magazi kuyenda, magolovesi othandizira munthu kuchita chimbudzi amene Driss ayamba wawakana kwamtuwagalu, ndi usiku umene a Philippe akubanika ndi ululu, thukuta lili kamukamu, Driss n'kuwaika kansalu konyowa pankhope mpaka mpweya utabwerera.

Koma tisaiwale chikwama. A Philippe ali ndi antchito odzadza nyumba, ndege yobwereka, ndi ndalama zosinthira womusamalira sabata iliyonse. Iwo eni amavomereza mufilimumo kuti chuma ndicho chikuwasunga. Munthu wamba wolumala ku France amadalira thandizo la boma. Lamulo la mu 1987 limati kampani ya antchito 20 kapena kuposerapo izikhala ndi anthu aulumali 6 pa 100 alionse, koma makampani ambiri amasankha kulipira ndalama m'malo mowalemba. Lamulo la pa 11 February 2005 linalonjeza kuti pofika 2015 nyumba zonse zofikamo anthu zidzakhala zoloweka ndi njinga ya olumala, koma nthawi itayandikira boma linawonjezera zaka. Pa njanji za pansi pa nthaka za mu Paris, ya nambala 14 ndiyo yokha imene munthu wa pa njinga angayende nayo payekha kuchokera koyambira mpaka kothera. Zoterezi a Philippe sakumana nazo. Chabwino n'chakuti gawo la phindu la filimuyi linapita ku bungwe la Simon de Cyrène, lomwe limamanga nyumba zokhalamo olumala ndi alungalunga pamodzi.

Andale anatipo chiyani?

Filimuyi inatuluka kutatsala miyezi yochepa kuti kuchitike chisankho cha pulezidenti cha mu 2012. A Jean-Marie Le Pen, amene anayambitsa nawo chipani cha Front National chodana ndi obwera, anati pa wailesi yakanema kuti filimuyi ikuyerekeza France ndi munthu wolumala amene akudikira kupulumutsidwa ndi anyamata a m'madera osauka ndi obwera, ndipo anati zitatero lingakhale tsoka. M'mawu amenewo ananyoza magulu awiri nthawi imodzi, obwera ndi olumala.

Ena anaitenga filimuyi ngati umboni wakuti Afalansa ndi ogwirizana. Koma mu April 2012 mwana wa a Le Pen, mayi Marine Le Pen, amene anaimira chipani chomwecho, anapeza mavoti pafupifupi 18 pa 100 alionse m'chigawo choyamba cha chisankho, chomwe pamapeto anapambana a François Hollande. Munthu atha kumukonda Driss Loweruka madzulo, Lamulungu m'mawa n'kukavotera chipani chofuna kutseka malire.

Kodi inasinthako kanthu kwa akatswiri a zisudzo akuda?

Kwa Omar Sy, kwambiri. Mu February 2012 analandira César, mphoto yaikulu ya mafilimu ku France, ya mwamuna wosewera bwino koposa, munthu wakuda woyamba kuilandira, ndipo anagonjetsa Jean Dujardin amene patangopita masiku awiri anakalandira Oscar ku America. Kenako kunabwera mafilimu a ku Hollywood, Lupin ya pa Netflix mu 2021, ndi Tirailleurs, yokamba za asilikali a ku West Africa amene anamenyera France pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Kwa ena zinthu zinayenda pang'onopang'ono. Mu 2018 amayi 16 akuda ochita zisudzo, motsogozedwa ndi Aïssa Maïga, anatulutsa buku lofotokoza mmene amangopatsidwa magawo a okolopa, olera ana ndi oyendayenda, ndipo anakayenda limodzi pa chikondwerero cha mafilimu ku Cannes chaka chomwecho. Mu 2020 mayi Maïga anaimirira pa mwambo wa César n'kunena poyera kuti anthu akuda m'chipindamo ndi ongowerengeka pa zala.

Amene amagwira ntchito yosamalira anthu angaionere bwanji?

Abale athu ambiri ku Britain ali pa ntchito yosamalira okalamba ndi olumala, ena ku South Africa akugwira m'nyumba za anthu. Iwowa adzazindikira zambiri: kunyamula munthu wolemera thupi, kudzuka pakati pa usiku belu likalira, kukhala m'nyumba yokongola imene si yako. Adzaonanso zimene filimu yadumpha. Sitimva za malipiro a Driss, za tsiku lake lopuma, kapena za msana wake. Ndipo ufulu umene ali nawo woyankha bwana mmene akufunira ndi wa munthu amene sakuopa kuthamangitsidwa m'dziko. Amene chitupa chake chokhalira m'dziko chamangiriridwa kwa womulemba ntchito sangayerekeze kuthira tiyi wotentha pa mwendo wa bwana kuti aone ngati akumvadi, monga achitira Driss.

Nanga imene Amereka anapanga potengera filimuyi?

The Upside, ya Kevin Hart ndi Bryan Cranston, inafika m'nyumba za kanema mu 2019. Nkhani ndi yomweyo koma yasamukira ku New York, choncho za banlieue ndi mbiri ya France mulibemo. Ku India ndi ku Argentina anapanganso zawo mu 2016. Yambani ndi ya Chifalansa.

Ana angaonere?

Muli kusuta chamba, kutukwana ndi nthabwala za kuchipinda. Ndi ya achinyamata okulirapo ndi akuluakulu.

Ndikafuna kuona mbali imene filimuyi yaisiya, ndionere chiyani?

La Haine ya Mathieu Kassovitz, ya mu 1995, imatsatira anyamata atatu, Myuda, Mwarabu ndi wakuda, kwa tsiku limodzi zitangochitika zipolowe, ndipo nthabwala zilimo ngakhale mathero ake ndi owawa. Les Misérables ya Ladj Ly, ya mu 2019, imalowa m'galimoto ya apolisi atatu oyendera dera la Montfermeil. Ladj Ly, mwana wa makolo ochokera ku Mali, anakulira m'nyumba zomwezo, moyandikana ndi Clichy-sous-Bois, ndipo zipolowe za mu 2005 anazijambula yekha ndi kamera yake.